Mawu Apachibale Si Mapasa

Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Migowi saphonya mawu. Tomato wina amati ndi wakupsa, wina wofewa, wina woola, ndipo mtengo umatsika motsata mawuwo. Mwana wake amene amamuthandiza kuunjika milu Loweruka amadziwa kusiyana kumeneku asanafike n'komwe Sitandade 3. Koma mwana yemweyo akafika Sitandade 7 amapeza pa bolodi afotokozi a Chingerezi atandandalikidwa: “big”, “large”, “huge”, “enormous”. Amauzidwa kuti onsewa tanthauzo lake ndi limodzi, awaloweze pamtima. Poti ndi mwana womvera, amalowezadi, ndipo vuto limayambira pomwepo.

Palibe angatsutse kuti mwana wa ku Phalombe afunika nkhokwe yodzaza ya mawu a Chingerezi. Lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo wolephera Chingerezi pa mayeso a Fomu 4 salandira satifiketi ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Mwana amene chilichonse kwa iye ndi “good”, “bad” kapena “nice” ali ngati banja lodyera nandolo chaka chonse: njala siwapha, koma nsima siyenda. Tsono kuphunzitsa mawu ofanana m'matanthauzo n'koyenera. Chimene chifunika kuunikanso ndi kaphunzitsidwe kake.

Mawu otere ali ngati ana a bere limodzi. Nkhope zimafanana, koma khalidwe ayi. Mndandanda ukanena kuti “old”, “elderly” ndi “ancient” n'chimodzimodzi, mwana wofuna kusangalatsa aphunzitsi amasankha liwu lalitali n'kulemba m'chimangirizo kuti agogo ake ndi “ancient”. Mosadziwa waika agogowo m'gulu la mabwinja a linga la Fort Lister, limene lili pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Liwu lowalemekeza linali “elderly”. Mtsikana akauzidwa kuti ndi “slim” amamwetulira, akauzidwa kuti ndi “skinny” amakhumudwa. Munthu “famous” ndi munthu “notorious” onse ndi otchuka, koma wachiwiriyo watchuka ndi zoipa. Mnyamata “determined” ndi wakhama, pamene “stubborn” ndi wamakani, ndipo wolemba kalata yofunsira ntchito akasokoneza awiriwa amadzitsekera yekha chitseko.

Chodandaulitsa n'chakuti nzeru yosiyanitsa mawu mwanayo ali nayo kale, adaiyamwira kubere. Amadziwa kuti nkhuku imafa koma munthu amamwalira. Amadziwa kuti mbuzi ndiyo imanona, pamene amalume ndi ojintcha, ndipo atayerekeza kunena kuti amalume ndi onona angaone zakuda. Amadziwanso kuti akuluakulu satchulidwa kuti nkhalamba pamaso pawo. Malemu makolo sadafune bolodi kuti aphunzitse zimenezi. Mwana ankalakwitsa kamodzi pagulu, n'kudzudzulidwa ndi diso lokha la amayi ake, osadzabwerezanso.

Chichewa chili ndi afotokozi enieni owerengeka chabe, monga -kulu, -ng'ono, -tali, -fupi ndi -wisi. Ena amaona ngati umenewu ndi umphawi wa chiyankhulo, koma akulakwa. Pamene Mngerezi amasintha mfotokozi, Chichewa chimagwiritsa ntchito mvekero. Nsalu yoyera ikhoza kuyera kuti mbee, mdima kuda kuti bii, dothi kufiira kuti psuu, mbatata kuuma kuti gwa. Mphunzitsi wanzeru ayambire apa. Afunse ana kusiyana kwa madzi ofunda, otentha ndi owira, popeza aliyense wa iwo adatekapo madzi osamba. Akatero aike pambali pake “warm”, “hot” ndi “boiling”, ngati makwerero ochoka pansi kunka m'mwamba. Mwana woona makwerero sadzanenanso kuti mawuwo ndi amodzi. Ngakhale Peter Mark Roget, dokotala wa ku England amene adatulutsa buku lotchuka la mawu ofanana m'chaka cha 1852, adasanja mawu ake potsata maganizo amene mawuwo amanyamula, kuti wolemba asankhepo loyenera. Sadanene kuti lililonse lilowe m'malo mwa linzake.

Aphunzitsi ali ndi yankho lawo, ndipo n'lomveka. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994 makalasi adadzaza, ndipo munthu mmodzi wokhala ndi mulu wa makope sangakambirane ndi mwana aliyense za liwu lililonse. Mndandanda ndi wosavuta kulemba, wosavutanso kuchonga. Mabuku otanthauzira mawu alipo, monga Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa m'chaka cha 2000 ndi dikishonale ya Chichewa ndi Chingerezi ya Steven Paas, koma kumudzi sapezeka wamba. Zonsezi n'zoona. Komabe mawu atatu pa sabata, ophunzitsidwa m'ziganizo zokhudza munda, chigayo ndi maliro, amakhalitsa kuposa makumi awiri oloweza Lachisanu n'kuiwalika Lolemba. Paja tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Pali nkhani zina zimene liwu losayenera limazipeputsa. Mu Malichi 1991 madzi ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, anthu mazanamazana n'kutaya miyoyo. Akuluakulu amati adadutsa Napolo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakanthanso boma lomweli. Ana amene adaona zimenezi ndi maso awo ndiwo akulemba zimangirizo lero, ndipo ena adzalemba malipoti opita kwa anthu akunja. Mwana wongodziwa “heavy rain” adzafotokoza usiku umenewo ndi mawu omwewo amene angafotokozere mvula yolepheretsa mpira. Ayenera kudziwa kuti pali “torrential”, ndi kuti amene adataya m'bale sali “sad” chabe koma “bereaved”. Agogo ake sasokoneza mvula yowaza, mvumbi wa masiku atatu ndi chimvula chogwetsa nyumba. Mdzukulu asakhale wosauka m'Chingerezi pa zinthu zimene kwawo ndi wolemera nazo.

Apa m'pamene agogo ali ndi gawo, ngakhale amene sadapondeko m'kalasi ndipo amayankhula Chilomwe ndi Chichewa chokha. Madzulo mdzukulu abwere ndi mawu ake atatu, awamasulire mmene wawamvera. Agogowo safunika kudziwa kalembedwe kake. Angofunsa mafunso amene akhala akufunsa moyo wawo wonse: liwuli amanenera munthu kapena chiweto? Ndi loyamikira kapena lonyoza? Lingatuluke pakamwa pamaso pa apongozi? Mdzukulu akasowa yankho, alembe funsolo kumapeto kwa kope, m'mawa akawafunse aphunzitsi belu lisanalire.