Lenzi Yoyenera Kupita Nayo ku Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

Pakati pa achinyamata okonda kujambula zithunzi pali mkangano umene sukutha. Ena amalumbirira Canon, ena Nikon, pamene ena amati foni ya m'manja ndi yokwanira. Mkanganowu umakula anthu akamakonzekera ulendo wa ku Thyolo, kumene minda ya tiyi imakopa aliyense wokhala ndi kamera. Maganizo anga m'nkhani ino ndi akuti dzina la kamera si nkhani yaikulu. Chimene chimasiyanitsa zithunzi za ku Thyolo ndi lenzi, popeza lenzi ndiyo imalamula malo amene wojambula aime: kutali ndi munthu wothyola tiyi kapena pafupi naye.

Tiyambe ndi makamerawo. Nikon D3500 ndi Canon EOS 2000D onse anatuluka m'chaka cha 2018, onse ali ndi ma megapixel 24, ndipo kawirikawiri amagulitsidwa pamodzi ndi lenzi ya 18-55mm. Mutatsukitsa zithunzi za makamera awiriwa n'kuziyala patebulo, ndi anthu ochepa amene angaloze kuti ichi n'cha Canon, icho n'cha Nikon. Choncho wophunzira wa m'thumba mopepuka agule kamera imene waipeza ili bwino, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, bola batire ndi chaja zikhalepo. Ndalama yotsalayo aisungire lenzi, koma akumbukire kuti lenzi ya Canon silowa pa Nikon.

Nambala ya mamilimita yolembedwa pa lenzi imatiuza kukula kwa dera limene lenziyo imaona. Nambala ikachepa, monga 18mm, lenzi imaona dera lalikulu ndipo zinthu zimachepa. Kamera yaikulu ya mafoni ambiri ili m'gulu limeneli. Ndi lenzi yotere timajambula zitunda zobiriwira, mizere ya tiyi yokhotakhota ndi mitambo ya chiperoni ikutsetsereka pa phiri la Thyolo. Kukongola kwake palibe angatsutse. Vuto ndi lakuti anthu othyola tiyi amasanduka timadontho, ngati maluwa okongoletsa munda. Woona chithunzicho angaganize kuti tiyi amadzimerera yekha.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo ku Thyolo anafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, inatsegulidwa mu 1923. M'nthawi ya atsamunda minda yambiri ya azungu m'dera lino inkadalira thangata, pamene anthu okhala pamalo a mzungu ankagwira ntchito m'malo mwa lendi, ndipo ambiri mwa iwo anali Alomwe ochokera ku Mozambique. Mpaka lero nkhani ya kuchepa kwa malo olima ndi yowawa m'boma la Thyolo. Chithunzi chimene chimachepetsa wantchito n'kukuza munda chikupitiriza kaonedwe kakale komweko, koona nthaka n'kuiwala manja amene amaisamalira.

Mtundu wachiwiri ndi lenzi yaitali, monga ya 70-300mm, imene achinyamata ambiri amaisirira chifukwa imaoneka yaukatswiri. Iyi imakoka chinthu chakutali n'kuchibweretsa pafupi. Munthu atha kuima m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe, mwinanso osatsika m'galimoto, n'kujambula nkhope ya mayi wobereka dengu, thukuta lili kamukamu, mwini wake osadziwa kanthu. Nkhope ija imakathera pa Facebook kapena pa kalendala, koma palibe anafunsa dzina lake. Pachikhalidwe chathu, munthu wosuzumira pakhomo pa eni osaodira timamukayikira. Nanga n'chifukwa chiyani khalidwe lomwelo timalitcha luso likachitika ndi kamera?

Mtundu wachitatu ndi lenzi yaing'ono yosakoka, ya 35mm kapena 50mm, ndipo iyi ndi imene ndikuivomereza. Pa makamera awiri aja, ya 35mm imaona dera lofanana pang'ono ndi mmene diso limaonera chinthu chimene lachiyang'anitsitsa, pamene ya 50mm imayenera zithunzi za nkhope. Lenzi ya 50mm f/1.8 ndi imodzi mwa zotsika mtengo kwambiri, komabe imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa ya 18-55mm ikafika pa 55mm, pamene khomo lake limathera pa f/5.6. Zimenezi n'zofunika ku Thyolo, kumene ntchito imayamba m'mamawa ndipo nkhungu imachedwa kuchoka. Koma ubwino wake woposa ndi wakuti ilibe njira yachidule. Ukafuna nkhope, uyenera kuyenda ndi miyendo yako, kulowa mumzere, kupereka moni ndi kupempha.

Ife ophunzira chiyankhulo tingazifanizire ndi alowam'malo. Lenzi yaifupi imati "awo", gulu lopanda maina. Lenzi yaitali imati "uyo", kuloza munthu ndi chala uli patali. Lenzi ya 35mm kapena 50mm imakukakamiza kunena kuti "inu", ndipo amene wamutchula kuti "inu" ali ndi ufulu woyankha, ngakhale wokana. Chithunzi chojambulidwa pafupi chimaonetsanso luso la ntchitoyo: zala zikusankha masamba awiri ndi nsonga, dzanja likuponya m'dengu kumsana popanda kucheuka. Henri Cartier-Bresson wa ku France anajambula zithunzi zake zambiri ndi lenzi ya 50mm, ndipo kutchuka kwake sikunabwere ndi kutalika kwa chipangizo.

Ena angatsutse kuti ukapempha chilolezo munthu amaumitsa thupi ngati wojambulitsa chithunzi cha chitupa. N'zoona, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito ya wothyola tiyi imakayezedwa pa sikelo, kotero alibe nthawi yoimirira kamera mpaka kalekale. Pakapita mphindi zochepa amabwerera ku ntchito yake, ndipo apo m'pamene chithunzi chenicheni chimapezeka. Pa chifukwa chomwecho wojambula asamuchedwetse pomuuza kuti abwereze izi ndi izo. Enanso anganene kuti lenzi yaitali ili ndi ntchito yake. Sindikukana. Wofuna mbalame yosowa yotchedwa Thyolo alethe m'timankhalango totsala, kapena wofuna kuti phiri la Mulanje lioneke lalikulu kuseri kwa munda, sangachite popanda iyo. Mbalame siipemphedwa chilolezo, koma munthu amapemphedwa.

Pomaliza, wopita ku Thyolo akumbukire zinthu zingapo. Minda ya tiyi ili ndi eni ake, choncho ayambe wapempha ku ofesi ya esiteti, kenako kwa akapitawo, ndiponso kwa munthu amene akufuna kumujambula, pakuti chilolezo cha bwana si chilolezo cha wantchito. Afotokoze kumene chithunzicho chikupita. Asamale chinyezi, chifukwa chimameretsa nkhungu m'kati mwa lenzi. Akabwerako aumitse zipangizo zake asanazitsekere m'chikwama. Ndipo ngati n'kotheka atsukitse chithunzi chimodzi n'kukapereka kwa mwini nkhope. Wophunzira amene ali ndi ndalama ya lenzi imodzi yokha agule ya 35mm kapena 50mm, ndipo asananyamuke aphunzire kupereka moni m'Chichewa chaulemu, ngakhalenso m'Chilomwe.