Mtengo wamphako ndi nyumba ya bakha

Aliyense woyenda m'mamawa pa msewu wochokera ku Mandimba kupita ku Lichinga amakumana ndi njinga zonyamula matumba a makala. Makalawo ndiwo sopo ndi mchere wa pakhomo, ndipo palibe angatsutse zimenezi. Koma mtengo waukulu wokalamba, womwe umadzaza matumba ambiri, ndi womwewonso umakhala ndi mphako, ndipo mphako ndi nyumba ya mbalame.

Si mbalame zonse zomwe zimamanga chisa ndi udzu. Ngakhale pakati pa abakha am'tchire alipo ena oikira mazira m'mphako. Mmodzi mwa iwo ndi kabakha kakang'ono kofiirira m'nthiti komwe kamakonda maiwe odzaza ndi kakombo. Kabakhaka sikatha kuboola mtengo. Kamadalira mphako yomwe ilipo kale, choncho mitengo yotere ikatha m'mbali mwa madzi, kamasowa poswera ana.

Vuto lomweli lidachitikapo ku America. Kumeneko kuli bakha wokongola wotchedwa wood duck, yemwenso amaikira m'mphako. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 bakhayu adatsala pang'ono kutha kamba ka alenje komanso kudula mitengo ikuluikulu ya m'mitsinje. Mu 1918 boma lidakhazikitsa lamulo loteteza mbalame, ndipo kusaka bakhayu kudali koletsedwa mpaka 1941. Mu 1937 ogwira ntchito zaboma adakhomerera mabokosi m'mitengo ku malo osungirako nyama a Chautauqua m'chigawo cha Illinois kuti akhale ngati mphako. Abakha adalowamo n'kuswa. Lero mbalameyi yachulukanso.

Bokosilo si lovuta kwa mmisiri wa matabwa. Limakhala lalitali, khomo lake lili chakumtunda, lotambalala pafupifupi masentimita 10. Pansi amathirapo zopalapala za matabwa chifukwa bakha sabwera ndi udzu. M'kati, kunsi kwa khomo, amakhomamo kawaya ka sefa kuti anapiye akwerepo, pakuti tsiku limodzi lokha ataswedwa amadumphira pansi kutsata kuitana kwa make. Bokosi likaimikidwa pa mlongoti, mlongotiwo amauveka lata kuti njoka ndi tinyama todya mazira tisakwere. Kamodzi pachaka mwini wake amalitsegula ndi kulisesa. Bokosi losiyidwa lopanda woliyang'anira limasanduka msampha.

Nzeruyi idafikanso ku Africa. Ku South Africa, m'nkhalango zoyandikana ndi Kruger, nang'omba zakhala zikuswa m'zisa zopangidwa ndi anthu m'malo omwe mitengo yamphako idachepa.

Tsono ku Niassa kuno zinthu zili pati? Mu 2011 boma la Mozambique lidalengeza kuti mbali yake ya nyanja ya Niassa ndi malo otetezedwa. Ndi chinthu chabwino, koma bakha saikira mazira pamadzi. Kuzungulira Lichinga kuli minda ikuluikulu ya paini ndi bulugamu, koma mitengo imeneyi imadulidwa isanakalambe, isanachite mphako. Poiona patali ndi nkhalango ndithu, koma kwa mbalame yofuna poikira ndi mudzi wopanda nyumba.

Sukulu kapena kalabu ya achinyamata ya kufupi ndi dambo ingathe kuyesa mabokosi awiri kapena atatu, ndipo njuchi zikayamba ndizo kulowamo, palibe chotayika, uchi ndi chakudya. Komabe phunziro la ku America ndi lakuti bokosi silidagwire ntchito lokha. Lidayenda pamodzi ndi lamulo komanso kusamala madambo.

N'chifukwa chake mawu a mfumu ndi ofunika kuposa msomali. Mudzi ukagwirizana kuti mtengo wamphako wa m'mbali mwa mtsinje usadulidwe, ndipo wofula njuchi asaugwetse pofuna uchi, ndiye kuti abakha apeza nyumba popanda kugula thabwa. Bokosi limakhomedwa tsiku limodzi, pomwe mphako imatenga zaka zambirimbiri. Paja akulu adati madzi akatayika saoleka.