Amayi tinawachotsa, koma thumba la chimanga likutilamulirabe

Kuno kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, ukangotchula dzina la Joyce Banda, kaya pa Jali kaya pa doko la Kachulu, wina sachedwa kuusa moyo n'kunena kuti, "Koma Amayi aja ankagawa." Ine mawu amenewa amandiwawa. Mundinene kuti ndikunyoza wakwathu, palibe kanthu, ndilankhulabe.

Poyamba tiwapatse ulemu wawo. DPP itawathamangitsa mu December 2010, sanagonje. Anayambitsa People's Party. Bingu atamwalira pa 5 April 2012, ena anafuna kuwatsekera njira, koma malamulo anapambana ndipo pa 7 April analumbira. Mizere ya mafuta inatha, mayiko otithandiza anabwerera. Zimenezo sindikutsutsa.

Mkangano wanga uli pa zomwe anachita nawo mpandowo. Mu May 2012 kwacha inagwetsedwa kuchoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi, mitengo ya sopo, mchere ndi feteleza n'kukwera. Yankho la Amayi linali msewu: lero msonkhano uku, mawa uko, matumba a chimanga pa lole, ng'ombe kwa banja ili, nyumba ya Mudzi Transformation Trust kwa gogo uyo, mafumu kukwezedwa ngati mvula. Kamera ili pompo. Wolandira aombe m'manja, amene dzina lake silinalembedwe adikire ulendo wina.

Pamene ife tinkavina ndi nsalu za olenji, ku Capital Hill ndalama zinkatuluka m'mabuti a galimoto. Pa 13 September 2013 Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti, anawomberedwa, Cashgate n'kuphulika. Kampani ya Baker Tilly inapeza kuti pafupifupi K13 biliyoni inasowa m'miyezi 6 yokha. Inde, palibe khothi lomwe linawapeza Amayi olakwa pa nkhaniyi. Koma mwini nyumba akamakhalira kugawa ndiwo kwa aneba kwinaku mbava zikuboola nkhokwe, timuyamike kuti ngwamtima wabwino?

Pa 20 May 2014 Amalawi anayankha. Amayi anakhala achitatu ndi mavoti 20 pa 100 aliwonse, kumbuyo kwa Peter Mutharika ndi Lazarus Chakwera. Pa 24 May analengeza kuti chisankho chathetsedwa, khothi linakana. Anachoka m'dziko muno, n'kudzabwerera mu April 2018. Mu 2025 anayesanso, koma sanafike ngakhale mavoti 2 pa 100.

Tsono taonani nyanjayi. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, imadalira Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, mitsinje yomwe kumtunda kwake mitengo ikuthera ku makala. Inaphwa mu 1995, inaphwanso mu 2018. Ikaphwa, matemba ndi mlamba zimasowa, ngalawa zimagona pamatope, msodzi amasanduka wopempha. Ikadzaza, kolera amasaka anyamata m'zimbowera. Kodi mavuto amenewa thumba la makilogalamu 50 lingawathetse? Chomwe tinkafuna ndi ngalande zokonzedwa m'masikimu a mpunga a Likangala ndi Domasi, madzi aukhondo pa madoko, mitengo m'phiri la Zomba. Zinthu zotere siziimbiridwa nyimbo pa msonkhano, n'chifukwa chake andale sazikonda.

Ndipo musati ndi matenda a Amayi okha. Bakili Muluzi ankagawa ndalama pa misonkhano kalekale. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa zogawagawa pa kampeni, koma nonsenu munaona ndi maso anu zomwe zimachitika galimoto za andale zikafika pa bwalo la mpira.

Anzanga, ife a mafoni m'manjafe ndiye tilibe chowiringula. Bajeti timatha kuiwerenga, malonjezo akale timatha kuwafukula pa Facebook. Wandale akabwera ndi lole, tisafunse kuti watibweretsera chiyani. Timufunse kuti ndalamazo wazitenga kuti, nanga nyanja ikadzaphwanso tidzadya chiyani. Akakwiya ndi funsolo, ameneyo si wathu, angakhale wobadwira pa Domasi pomwepa.