Sewero la ku Down Shops lili kuti?

Tonse tinagulako citenje kapena machubu a njinga ku Down Shops. Koma m'masewero athu, pa wailesi kapena kusukulu, mmwenye amangotulukira kuti tiseke: munthu woumira, wopotoza Cinyanja, wowerenga ndalama. Ife a pa wailesi sitingaloze ena cala, tinasekako nafenso.

Amwenye anayamba kufika ku Fort Jameson ca m'ma 1905, ambiri Asilamu a ku Gujarat. Boma la atsamunda linawaika pakati, pansi pa mzungu, pamwamba pa ife. Masitolo ao anali ndi dela lao, ana ao sukulu yao, ndipo kalabu ya azungu sinali yao. Mu 1968, pa Mulungushi, a Kaunda analengeza kuti malonda a m'masitolo akhale a nzika za Zambia. Mabanja ena anatenga unzika, ena anamanga katundu. Taganizani usiku umene banja linakhala pansi kukambirana zimenezi, agogo afuna kupita, mwana wobadwira kuno sadziwa kwao kwina. Si sewero limenelo?

Ku Durban anacita kale. Ronnie Govender analemba At the Edge, nkhani ya amwenye a ku Cato Manor amene lamulo la Group Areas Act la 1950 linawasamutsa mokakamiza. Ifenso njira tinaionapo: a Chikwakwa Theatre a pa UNZA anali kutengera masewero kumidzi m'zinenero zathu.

Ena adzati, "Timvere cifundo anthu amene anali kutilipira tundalama tocepa?" Funso limeneli lisatayidwe, lilowe m'seweromo. Telala amene anapalasa makina pakhonde la sitolo mpaka imvi akambe zake. Mayi amene analera ana a bwana koma mbale yake inali yapadela akambenso. Pambali pao paime wamalonda amene anali kupatsa mlimi wa ku Katete mcere ndi palafini pankhongole mpaka nshawa zitagulidwa. Sewero longoyeretsa amwenye lingakhale bodza lofanana ndi lija lowaseka.

Cotidetsa nkhawa ndi nthawi. Amene anali ndi zaka 20 pa ufulu wa 1964 lelo apitilira zaka 80. Cojambulira mau tili naco, ngakhale mabatile amavuta. Cotsala ndi kupita kumzikiti Lacisanu mapemphelo atatha, kukapempha akulu-akulu kuti atilole kukhala nao pansi, kenako kukafuna matelala akale ku Kapata ndi ku Mchini.