MALO A KU BATOKA AKONZEDWE DAMU LISANABWERE

Nkhani ya damu la Batoka siyacilendo kwa ife okhala mu Livingstone. Takhala tikuimva kwa zaka zambiri, imabwera ndi kupita ngati mvula ya kuno. Mu 2019 nchito yomanga inapatsidwa kwa makampani a General Electric ndi PowerChina, koma pambuyo pake mgwirizanowo unathetsedwa kuti afunenso omanga ena. Ambiri akamva zimenezi amangoti tidzaona likadzabwera. Ife tikuti kucedwa kumeneku ndi mwai, cifukwa pali nchito imene iyenera kutha simenti isanafike: kugwirizana za malo ozungulira damulo, ndi kulemba mgwirizanowo poyera.

Sitikutsutsa damu. Tonse tikukumbukira cilala ca mu 2024, pamene Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lili pa tsoka. Madzi a ku Kariba anatsika kwambiri, ndipo m'nyumba zambiri malaiti anali kuoneka maola atatu okha pa tsiku. Zigayo zinaima, ometa tsitsi ndi owocerera zitsulo anakhala manja lende. Damu la Batoka likuyembekezeka kupanga mamegawati 2,400, ogawana pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, pansi pa bungwe la Zambezi River Authority. Amene anagona mumdima caka cimeneco sangapeputse nambala imeneyi.

Koma cigawo cathu ca Kummwera cinaphunzira kale mtengo wa damu. Khoma la Kariba linamangidwa kuyambira 1955 mpaka 1959, ndipo anthu pafupifupi 57,000 a mtundu wa Citonga anasamutsidwa m'mbali zonse ziwiri za mtsinje. Mu 1958 anthu a Mfumu Chipepo atakana kucoka, apolisi a boma la atsamunda anawombera ku Chisamu ndi kupha anthu asanu ndi atatu. Ambiri a iwo anatengedwa pa malole kupita ku Lusitu, kutali ndi manda a makolo ao. Nyama za m'thengo zokwana pafupifupi 6,000 zinapulumutsidwa m'madzi pa nchito yodziwika kuti Operation Noah, ndipo dziko lonse lapansi linaombera m'manja. Za anthu zinamveka pang'ono cabe.

Zimenezi zimanenedwa kawirikawiri. Cimene sicinenedwa mokwanira ndi zimene zinacitika madzi atadzala. Anthu amene kale anali kukolola kawiri pa caka m'madimba a m'mbali mwa Zambezi anaikidwa ambirimbiri pa nthaka yosalimba. Ana anabadwa, ng'ombe ndi mbuzi zinaswana, koma malo sanakule. Amene anafikako ku Lusitu anaona okha zigwembe zimene zinadya minda. M'mphepete mwa nyanja namo munayamba moyo wina. Kapenta atabweretsedwa kucokera ku nyanja ya Tanganyika ca m'ma 1967, phindu lalikulu linapita kwa okhala ndi ndalama zogulira mabwato ndi nyali. Malo okongola a ku Siavonga anasanduka mapuloti a mahotela ndi nyumba za anthu a ku Lusaka. Midzi yambiri ya osamutsidwa inakhala zaka makumi ikuona mawaya a malaiti akudutsa pamwamba kupita ku migodi. Palibe amene anakhala pansi ndi eni dera kuti anene kuti apa ndi pomwera ng'ombe, apa ndi doko la asodzi a m'mudzi, apa sipagulitsidwa. Malo opanda dongosolo amatengedwa ndi amene wafika msanga ndi cikwama.

Ena atiuza kuti Batoka si Kariba, ndipo akunena zoona. Khoma lake, la mamita pafupifupi 180, lidzakhala m'cigwa cakuya, makilomita ngati 50 kumunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Madzi adzakhala m'kati mwa matanthwe, osasefukira m'midzi. Koma damu si madzi okha. Padzafunika miseu, mawaya akuluakulu, malo ophwanyira miyala ndi makomboni a anchito zikwizikwi. Zonsezi zidzakhala pamwamba pa cigwa, m'dziko la Mfumu yaikulu Mukuni, kumene anthu amalima, kudyetsa ziweto ndi kumweta udzu. Kumene kwafika mseu wa tala kumafikanso ogula malo. Ndipo acinyamata a ku Mukuni ndi Songwe amene amapeza ndalama pa nchito ya mabwato a alendo m'mafunde a m'cigwamo ayenera kuuzidwa mosabisa kuti ambiri mwa mafunde amenewo adzamira, ndi kuti m'malo mwake mudzakhala ciani.

Apa alimi amvetsetse. Lamulo la malo la mu 1995 limalola kuti malo a mafumu asinthidwe kukhala a taito ya zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikavomereza. Malo akangosintha motero sabwereranso kumudzi. Lamulo lomwelo limati anthu amene angakhudzidwe afunsidwe, koma kufunsa kwa munthu wobwera ndi galimoto madzulo, atanyamula pepala la Cingerezi, tonse tikukudziwa. Munda wa mbeu umaoneka, ndipo mwini wake angaulozere. Koma dambo la msipu, njira ya ng'ombe yopita kumadzi, nkhalango ya nkhuni ndi malo opatulika a makolo zilibe mwini mmodzi. Zimenezi ndizo zimayamba kupita, cifukwa pa mapu a mu ofesi zimaoneka ngati malo opanda kanthu.

Malamulo otithandiza alipo, kungoti agona m'makabati. Lamulo la mapulani a mizinda ndi madera la mu 2015 linafikitsa mapulani ngakhale ku malo a mafumu, ndipo limalola khonsolo kupangana ndi mfumu za kagwiritsidwe nchito ka malo. Lamulo la nkhalango la caka comweco limalola anthu a m'mudzi kupanga gulu lolembetsedwa losamalira nkhalango yao ndi kupindula nayo. Bungwe la ZEMA limayenera kumva maganizo a anthu lisanavomereze nchito yaikulu. Tikupempha makhonsolo a Kazungula ndi Livingstone, pamodzi ndi nyumba ya ufumu, kuti ajambule mapu a dera lonse la pamwamba pa cigwa akuyenda pansi ndi anyakwawa, azimai otunga madzi ndi abusa a ng'ombe. Mapuwo afotokozedwe m'Citonga, m'Cilozi ndi m'Cinyanja, apacikidwe pa sukulu ndi pa cipatala, osati kutsekeredwa mu kompyuta ku Lusaka.

Amene akuti mau a anthu wamba sapita patali aiwala za mu 2006. Caka cimeneco kampani ina inafuna kumanga mahotela, nyumba zambiri ndi bwalo la gofu m'kati mwa paki ya Mosi-oa-Tunya, pafupi ndi mtsinje wa Maramba, pa njira ya njovu. Anthu a mu Livingstone anadzaza misonkhano nalankhula, ndipo bungwe loona za cilengedwe la nthawi imeneyo linakana mbali yaikulu ya pulaniyo. Ngakhale zinatero, malo a njovu akhala akucepa, ndipo lero amene amalipira ndi mai wa dimba la repu ndi tomato, ndi mwana wopita kusukulu m'mamawa. Njovu siwerenga taito. Mukatseka njira yake imatsegula ina m'munda mwa wosauka.

Nafenso tili ndi mlandu wathu, tisaloze boma lokha. Matumba a malasha amene amalowa m'tauni pa njinga m'bandakuca sagwa kumwamba, ndipo nkhalango ya Dambwa ikudziwa. Timalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, mvula ikagwa nthaka yathu yonse ipita ku Zambezi. Ngati tifuna kuti mapu atisungire msipu ndi madimba, tivomerenso kuti mapu omwewo adzatiletsa zina: kudula mitengo m'mbali mwa cigwa, kutentha thengo mwacisawawa, ndi kugawa dambo kwa mlamu. Papa Francis m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015 anakumbutsa kuti eni dera ayenera kukhala oyamba kufunsidwa pa nchito zazikulu zokhudza malo ao. Kufunsidwa kumafuna munthu amene wakonzeka kuyankha.

Cotero pa misonkhano ya miphakati ndi ya makopaletivu mwezi uno, patulani ola limodzi. Lembani m'buku malo onse amene mudzi umagwiritsa nchito pamodzi, maina ake ndi malire ake, ndipo anyakwawa asaine. Buku lina lipite kwa khansala wa wadi yanu. Wina akabwera ndi pepala lofuna malo, musasaine tsiku lomwelo. Muuzeni abwerenso pa tsiku la msonkhano wa mudzi, ndipo pepalalo liwerengedwe mokweza pamaso pa onse.