Mwana wotonzedwa kusukulu ndi wathu yemwe

Amangwetu, sabata ino tiyeni tikambe nkhani imene ambiri timaiopa ngati maliro a usiku. Inu amene mumadzuka tambala woyamba kukapikula tomato ndi kabichi pa Mbulumbuzi, kapena kukwera minibasi ya ku Limbe kuti mupeze fizi ya mwana, kodi mumadziwa zimene mwanayo amakumana nazo akalowa pageti pa sekondale?

M'kalasi iliyonse mumakhala mnyamata mmodzi amene anzake anamusankha kukhala choseketsa. Mwina mawu ake ndi ofewa. Mwina mpira samenya, amakonda kwaya ndi zisudzo. Mwina wafika Fomu 3 alibe chibwenzi. Basi mlandu wake ndi womwewo. Amayamba kumutcha "achemwali", mawa dzina lija lasanduka "wamathanyula", mkuja amubisira kuseri kwa zimbudzi. Ena mwa anyamatawa n'zoona kuti mtima wao umakonda anyamata anzao, ndipo akusowa womuuza. Ena ayi, anangobadwa ofatsa. Koma chibakera sichifunsa.

Chowawa kwambiri ndi cha mnzake. Anyamata awiri akulira limodzi, agawana chinangwa ndi zitumbuwa pa buleki kuyambira Sitandade 1, abwerekana yunifolomu. Tsiku limene mphekesera yabuka, winayo amauzidwa kuti: sankha, ukapitiriza kuyenda naye ndiye kuti nawenso ndiwe yemweyo. Ambiri amathawa. Ena amayamba okha kugenda kuti adziyeretse. Kumeneko ndiye timati umuna?

Za malamulo tisanamizane. Gawo 153 la malamulo a milandu, limene anatisiyira atsamunda, limapereka zaka 14 kundende kwa amuna ogonana okhaokha. Tonse tikukumbukira za Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga amene anamangidwa mu Disembala 2009 atachita chinkhoswe ku Blantyre. Mu Meyi 2010 anagamulidwa zaka 14 zomwezo, koma a Bingu wa Mutharika anawakhululukira mwezi womwewo atakumana ndi a Ban Ki-moon. Mu Julayi 2023 atsogoleri a mipingo ndi Asilamu anaguba m'misewu, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana kuchotsa lamuloli. Anzathu a ku Mozambique, komwe ambiri a inu mumakaoda katundu, anachotsa lamulo lotere mu 2015. Ku Joni analoleza maukwati otere mu 2006. Kuno mkangano ukadalipo, ndipo pano sitiuthetsa.

Koma tamverani. Palibe gawo lililonse limene limati kayendedwe ka mwana ndi mlandu. Palibe limene linapatsa mwana wa Fomu 4, mphunzitsi kaya bambo womubereka chilolezo chomenya kapena kuthamangitsa mwana chifukwa cha mphekesera. Malamulo aakulu a 1994, omwe tinawapeza titavotera matipate, amati pa gawo 25 munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Kuyambira 2017 aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana pamaso pa lamulo. Kumenya ndiye mlandu woonekeratu.

Vuto ndi kaleredwe kathu. Timauza anyamata kuti mwamuna salira, mwamuna sadandaula. Ndiye mwana akazunzidwa amangomeza. Mumangoona magiredi atsika, wayamba kujomba, akuti mutu ukuwawa tsiku lililonse Lolemba. Kenaka wasiya sukulu, fizi yonse munavutikira padzuwa ija yalowa m'madzi. Apolisi akamawerenga anthu odzipha chaka ndi chaka, ochuluka amakhala amuna. Kusalira kuja kumathera kumeneko.

Sindikuti musiye chikhulupiriro chanu. Ndikuti mwana akabwera ndi yunifolomu yong'ambika, mufunseni bwinobwino musanatenge chikoti. Akakuuzani chimene simunayembekezere, khalani pansi, imwani madzi. Osakalengeza pamsika, osamupirikitsa pakhomo usiku. Mwana wopirikitsidwa sasintha, amangosowa pogona, ndipo m'tauni muli afisi. Pitani kwa ahedi mukafunse chimene akuchita ndi ana omenya anzao. Mukasowa mtengo wogwira, pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, imene amayendetsa a YONECO a ku Zomba.

Ndipo ngati mwana wanu ndi uja wakana kutaya mnzake pamene kalasi yonse ikuseka, musamukalipire kuti akuchititsani manyazi. Mugulireni fanta. Pamsika pano timadziwa kuti mnzako weniweni ndi amene amakusungira benchi tsiku limene katundu wako walandidwa, osati woseka nawe tsiku la phindu.

Akulu anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Lero tikuseka wa aneba, sitidziwa amene akulira mwakachetechete m'nyumba mwathu.

Tionana sabata yamawa.