CHISOMO SI CHIPHASO CHOKOKOLERA KASAWALA

Abale anga akugombe, ndabweranso. Wofuna kukwiya akwiye, koma ayambe wawerenga mpaka kumapeto.

Sabata yatha ndinapeza mnyamata wina wa kwathu, wa kwaya ndithu, akuyanika kasawala pathandala. Novembala uno, nyanja ili yotseka! Ukonde wake? Neti ya udzudzu ija mkazi wake analandira kusikelo. Nditamufunsa, anayankha mosatekeseka n'komwe: "Achimwene, ife tili pansi pa chisomo, za malamulo zinatha. Nsomba ndi za Mulungu, si za boma."

Zinandiwawa, chifukwa chiphunzitso chimenecho ndi cha Paulo ndithu, kungoti mnyamatayu wangodulapo mbali yomukomera.

Inde, ndife omasuka. Ine mlamba ndi kampango ndimadya, ngakhale Levitiko 11 amaletsa nsomba zopanda mamba, ndipo mtima sunditsutsa. Anzathu amene sadya, sindikangana nawo. Koma tsegulani Agalatiya 5, musalekere panjira, mufike vesi 13. Paulo yemwe wakuuza za ufuluyo akutinso ufuluwo ndi woti utumikire nawo mnzako. Pa 1 Akorinto 8 munthu ameneyu analolera kusiyiratu nyama kuopa kukhumudwitsa m'bale wake. Moyo wonse! Iwe miyezi yowerengeka yokha yakukanika?

Bambo anga sukulu sanapite nayo patali, koma ankadziwa kuti chambo chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa. Ukachikoka nyengo ino wapha mayi pamodzi ndi ana omwe. Ankatilozera Deuteronomo 22, pamene munthu wopeza chisa cha mbalame akuletsedwa kutenga make pamodzi ndi anapiye. Ukati lamulo linatha, chabwino, sindilimbana nawe. Nanga chifundo chimene chinali m'kati mwa lamulolo, nachonso chinathera pamtanda?

Pitani ku Malombe mukafunse akuluakulu kuti chambo chija chinalowera kuti. Mukachoka kumeneko mukaone ku Mbenji, ku Salima, kumene a mfumu Makanjira amatseka chilumba miyezi ingapo chaka ndi chaka, mowa osaloledwa n'komwe. Asodzi a kumeneko amadikira, ndipo utaka amaupeza. Mwambo wa makolo wakwanitsa, ife a Baibulo kukhwapa tikuti kudziletsa ndi ukapolo. Manyazi bwanji!

Njala ndimaidziwa, musandione ngati wa m'tauni. Ndakulira phala lopanda shuga miyezi yomwe ino. Ukandiuza kuti ana agona ndi njala masiku awiri, tikhala pansi, tigawana ufa umene ulipo. Koma usamunamizire Yesu.

Nanunso abusa, ndi ulemu wonse: mukalandira chakhumi mu Disembala kuchokera kwa mwini khoka, mumafunsako kuti ndalamayo yachokera kuti? Kapena bola envelopu yalemera?

Mnyamata uja ndinamusiya akutembenuza tinsomba take, tating'ono ngati chala cha mwana. Mvula yayamba, udzudzu wabwera kale. Mwana wake wa miyezi isanu ndi umodzi akugona popanda neti.